Vaneti Imene Ndinagula ndi Ng'ombe Ziwiri

Ngwe, ngwe, ngwe. Umo ndi momwe tcheni cha chitseko chakumbuyo kwa vaneti chinkalirira, galimotoyo ikamadumpha m'maenje a msewu wa ku Chikomeni. Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga. Ine ndine Lameki. Ndikufuna kuchitira umboni za momwe ndinalandidwira galimoto yomwe ndinagula ndi kuikonza ndi manja anga, ndi momwe Mulungu anandibwezera kudzera mwa munthu amene sindinkamuwerengera n'komwe.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu, mayi anatsatira chaka chisanathe. Nkhope ya bambo sindiikumbuka, ndimangokumbuka kulira kwa tcheni kuja akamafika pakhomo. Maliro atatha, mng'ono wawo, a Yotamu, anatenga vanetiyo nati inali yawo kuyambira kale, mkulu wawoyo ankangowayendetsera. Ine ndinakaleredwa ndi agogo, amene anabereka mayi anga. Agogo sankadziwa kuwerenga ndipo palibe anawafunsa kanthu. Ndinakula ndikukhulupirira mawu a bambo aang'onowo.

A Yotamu sankadziwa kuyendetsa, ndipo panalibe dalaivala wofuna kukhala pampando wa malemu. Anaikankhira m'chigafa cha fodya, naikhazika pa njerwa, n'kuifunditsa masaka. Inakhala mmenemo zaka zoposa khumi ndi zisanu, osanyowa ndi mvula, osapsa ndi dzuwa.

Nditakula ndinakaphunzira umakaniki ku boma la Lundazi, pa galaja ya pansi pa mtengo. Sindinali wolankhula, ndinkangoyang'ana manja a anzanga n'kumasunga mumtima. Thukuta langa la zaka zinayi linagula ng'ombe ziwiri zolimira, kuti agogo asiye khasu. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndinapita kukaona a Yotamu, ndipo ndinasuzumira m'chigafa muja. Nditachotsa masaka, penti yobiriwira inali yosakandika, magalasi onse athunthu, mpando wosang'ambika. Nkhuku zinkaikira kumbuyo, basi. Ndinagwedeza tcheni chija, chinalira monga kale.

Tinagwirizana kuti ndiwapatse ng'ombe zanga ziwiri, iwo andipatse vaneti. Agogo anavomera, poona kuti galimoto idzatidyetsa kuposa pulawo, koma anati, "Akulembele kalata, Lameki." Sindinathe. Kwathu mng'ono wa bambo ako ndi bambo ako, ndipo kumupempha kuti asaine pepala n'chimodzimodzi kumutchula wakuba pamaso. Ndinangofunsa mwaulemu za buku la galimoto, lomwe limalembedwa dzina la mwini wake.

"Buku linadyewa na chiswe, mwana wanga," anatero a Yotamu akuseka. "Ufuna buku, uzayendetsa buku?"

Ndinaseka nawo, ndinapereka ng'ombe popanda mboni.

Ntchito inanditengera miyezi isanu ndi iwiri, pomwepo m'chigafa. Matayala anali atang'aluka ndi ukalamba. Thanki ndinaitsitsa, ndinathiramo timiyala ndi parafini n'kumaigwedeza mpaka dzimbiri linatha. Kabureta ndinaimasula kachidutswa ndi kachidutswa pa nsalu ya agogo. Mapaipi a mabuleki ndinakawapeza ku Chipata, batire ndinabwera nalo panjinga kuchokera ku boma. A Yotamu ankakhala pampando pamthunzi kundionerera. Akazi awo, a NyaMtonga, mayi wachete ngati ine, ankandiikira madzi akumwa pa njerwa n'kuchoka osanena kanthu. Tsiku lomwe injini inalira, agogo anavina ndi ndodo yawo. Mnzanga wina anati ndimange tcheni chija ndi mphira kuti chisamasokose. Ndinakana.

Ndinayenda nayo masabata atatu okha, kunyamula mtedza wa anthu kupita kumsika wa Lundazi. Kenako a Yotamu anandiitanitsa pamaso pa akuluakulu a banja. Anati sanandigulitse kanthu, chifukwa mwana sagula kwa bambo wake. Ng'ombe zija, anati, zinali mphatso ya mwana wolemekeza kholo, ndipo kukonza galimoto ya bambo ndi udindo wa mwana aliyense wodziwa sipanala. Akuluakulu anagwedeza mitu movomereza. Anandifunsa ngati ndili ndi kalata kapena mboni. Ndinati ndilibe. A Yotamu anapisa okha dzanja m'thumba la malaya anga natulutsa kiyi, anthu akuona. Popeza galimoto inali itayenda kale osapha munthu, dalaivala anapezeka tsiku lomwelo.

Mvula itagwa, agogo anabwerera ku khasu. Ndinkawaletsa, koma ndikapita ku boma kukafuna maganyu ankalowa m'munda okha. Ananyowa kangapo, chifuwa chinawagwira, mpweya unayamba kuvuta. Ndinapita kwa a Yotamu, ndinagwada pafumbi.

"Adada, ndibwerekeni galimoto ndiwafikitse agogo kuchipatala."

"Iyi si ambulasi," anatero. "Ambuye ako amenewo ni m'bale wanga ine? Uli na njinga."

Ndinawamangirira agogo kumsana kwanga ndi chitenje, nditawakhazika pa keliyala ya njinga. Tili pakati pa njira ndinamva kumbuyo: ngwe, ngwe, ngwe. Vaneti inatidutsa itanyamula matumba a feteleza, a Yotamu atatulutsa chigongono pawindo. Matope anatiwazikira mpaka kumaso. Agogo anandinong'oneza kuti, "Ikuyenda bwino, mwanawe. Unaikonza bwino." Anamwalira patatha masiku atatu.

Chomwe chinandithyola kwambiri chinachitika pamaliro. A Yotamu anabweretsa vaneti itatsukidwa kuti inyamule bokosi, ndipo wolankhula m'malo mwa mudzi anawathokoza chifukwa cha mtima wawo wachifundo. Ine ndinayenda pambuyo pa galimotoyo mpaka kumanda, ndikumva tcheni chija.

Abale, ndisakunamizeni. Ndinasiya kupita kutchalitchi. Tsiku lina ndinadzaza mchenga m'botolo kuti ndikathire mu injini, popeza wodziwa kuiukitsa amadziwanso kuipha. Ndinafika pamphambano, miyendo inakana. Ndinabwerera, ndinakagwada m'khola lopanda ng'ombe lija, ndipo pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, "Mulungu, ndilibe bambo, ndilibe mayi, ndilibe agogo, ndilibe pepala. Ngati munalipo pamene ndinkapereka ng'ombe, mboni ndinu nokha. Lankhulani." Mchengawo ndinautaya pomwepo. Ndinakasuma kukhoti la kwathu, ngakhale aliyense ankandiuza kuti wopanda kalata ndi mboni akungodzitayitsa nthawi.

Mlanduwo sunatenge nthawi. Ndinaika patebulo buku la galimoto, lija ankati linadyedwa ndi chiswe, ndipo linawerengedwa mokweza. Dzina la mwini wake silinali Yotamu. Linali la bambo anga. Khoti linagamula kuti vaneti inali yanga kuyambira tsiku limene bambo anaikidwa m'manda. Ndinali nditagula chinthu changa chomwe. Ng'ombe imodzi a Yotamu anali atapha kale, inayo inabwera itawonda. Agogo sanabwerere. Koma vanetiyo yalera ana anga, ndipo wodwala aliyense wa m'mudzi mwathu amakwera osafunsidwa kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwira miyendo yanga pamphambano paja. Iwe amene walandidwa chako ndi anthu a magazi ako omwe, usathire mchenga, usaleke kupemphera ngakhale pemphero lako litakhala laukali. Pamene ukuona ngati unali wekha, alipo amene ankaona.

Mwina mukufunsa kuti bukulo ndinalipeza bwanji. M'mawa wa tsiku la mlandu ndinkapopa njinga pakhomo. Ndinaona a NyaMtonga akubwera, atasenza mtolo wa zovala zawo, atagwira ndi mphika m'manja. Sanakhale pansi, ngakhale ndinawatulutsira mpando.

"Monire, amama. Mwalawira kuti ndi katundu?"

"Kwathu," anatero. "Nikachita ichi, nyumba ija sinizagonamo futi." Anapitiriza, "Nenze nawo posambika thupi la ambuye ako. Ninaona manja awo. Matuza okhaokha, munthu wamkulu ngati uja."

Anamasula mfundo ya chitenje chawo natulutsa kanthu kokulungidwa m'pepala la shuga, kofewa ndi ukalamba.

"Amuna wanga ananiuza kuti nishoke pamoto chaka chija cha malilo ya atate ako. Sininashoke. Kuwelenga siniziwa, koma uwelenge wekha."

Anaika bukulo m'manja mwanga, nakonza mtolo wawo pamutu, nalowa njira ya kumsewu osacheuka.