Nsapato Zonunkha za a Oosting

Ine, Geertje Bronsema, wa zaka 54, wa m'mudzi wa Termunten, ndimagwira ntchito pa fakitale yopanga zonunkhiritsa zakudya. Ndabwera ndekha kuno kupolisi kudzanena za nkhani ya mnzanga wa pa ntchito, Harm Wubbena, amene akumunamizira kuti anathira asidi m'ngalande.

Ine ndi Harm timayendetsa nsanja yachitsulo. Asidi amalowera kumwamba, sipiriti kumunsi, zimakumana pakati n'kumawira. Zikagwirizana, pamwamba pamatuluka madzi onunkhira ngati chinanazi. Zikakanika, asidi amatsalira pansi, ndipo fungo lake ndi la masanzi. Akakudontherani, sopo sathandiza. Ngakhale galu wanu amakuthawani masiku atatu.

Lolemba pa 9 nsanja inakanika, pansi panadzaza asidi malita 800. Harm anatseka mpopi wapansi ndi loko wake. Aliyense ali ndi loko wolembedwa dzina lake, kiyi imodzi yokha. Abwana athu, a Reinder Oosting, anati titayire m'ngalande kuti ntchito isaime. Harm anati, "Ayi bwana, zimenezo nde sindingapange. Muli nsomba mmuja."

Lachiwiri Harm anakwanitsa zaka 60. Monga mwa mwambo, anabweretsa keke. Nthawi ya 10 koloko anavula ovolosi, n'kuikoleka pa msomali wa m'khonde, kiyi ili m'thumba. Tinakhala asanu ndi awiri m'chipinda chodyera, ine pafupi naye. Sananyamukepo.

A Oosting analowa patapita mphindi 25, atavala jombo za alendo, osati nsapato zawo zachikopa. Anagwira Harm chanza. Fungo linafika iwo asanakhale pansi. Ndinati, "Koma bwana, mwaponda chani?" Anati, "Iwe Geertje, mphuno yakoyo inakalamba." Anadya magawo awiri a keke. Langa ndinalisiya chifukwa cha fungolo.

Masana, cha m'ma 2 koloko, nsomba zinayandama m'ngalande, mimba m'mwamba, kuchokera kuseri kwa fakitale mpaka pa mlatho, mtunda wa mamita 300. Loko wa Harm anapezeka wotsekula. A Oosting anatisonkhanitsa nati, "Dzina lili pa lokopo mukuliona nokha." Anamulanda Harm chiphaso cholowera pa fakitale pamaso pathu, n'kuitana apolisi. Harm anatuluka atanyamula mbale yake ya keke.

Ine ndinakhala chete tsiku limenelo, ndipo ndikuchita nazo manyazi. Munthu wadya keke ya mnzake ndi dzanja lomwelo limene wamubera nalo kiyi, ine n'kumangoyang'ana.

Lero Lachitatu m'mawa ndinapita ku bini ya kuseri kwa ofesi. Sindinafunefune, mphuno yanga yokalambayo inanditsogolera. Ndinapeza nsapato zachikopa zofiirira, zonyowa mpaka m'kati, zokutidwa m'nyuzipepala. Ndi zimene ndabwera nazo m'mapepala apulasitiki atatu, zomwe mwaziika panja pa zenerazo.

Ndi saizi 46. Harm amavala 41. A Oosting akhala akununkhabe mpaka mawa, mukafulumira mukadzimvera nokha.

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo ndidzazinena ndi kukhoti komwe.

Wosayina: Geertje Bronsema