Paipi ya Hita ndi Chifuwa cha Tiyamike

Abale anga mwa Ambuye, ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Mtendere. Ambiri mukudziwa kuti mkazi wanga Esnati anatisiya nyengo ya mvula yathayi. Za imfoyo sindinenapo lero. Ndikufuna kunena za mmene ndinatsala pang'ono kulekana ndi mwana wathu, Tiyamike, chifukwa cha paipi ya galimoto.

Tiyamike amadwala mphumu. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya fakitale ina ku Industrial, choncho timadzuka mbandakucha, n'kukamusiya kwa mayi wina wa mumpingo ku Kalingalinga. M'nyengo yozizira chomwe chimamuteteza pa ulendowo ndi mpweya wotentha wa m'galimoto yathu yakaleyo.

Juni atangoyamba, galimoto inayamba kumwa madzi. Tsiku lina nthunzi inatuluka m'boneti. Makanika wa pamsewu anandionetsa paipi ya hita, ija yotenga madzi otentha ku injini kupita nawo mkati. Inali itafufuma n'kung'ambika, ndipo cholumikizira chake chapulasitiki chinali ndi mng'alu.

"Ba boss, tizachita chabe bypass," anatero. "Hita mu Zambia ni ya chani? Muli ku London?"

Anapinda paipi yotsalayo kuti madzi azingobwerera ku injini, monga achitira ambiri kuno. Galimoto inayenda, koma mkati munali ngati mufiriji. Ndinkamufunditsa mwana mabulangete, koma mphepo imaloŵa m'mphuno. Sabata isanathe tinagonekedwa kuchipatala.

Nkhani inafika ku Katete kwa apongozi anga. Anaimba foni mwaulemu ndithu, nanena kuti mwamuna yekha sangasunge mwana wodwala, ndipo atumiza mlamu wanga Mabvuto, mchimwene wake wa Esnati, kudzamutenga. Sindinawatsutse. Nawonso analira maliro omwewo. Ndinangogwada m'chipinda n'kunena kuti: "Ambuye, mayi wake munatenga, sindinakufunseni chifukwa. Uyu ndilekereni." Nditadzuka, ndinatsimikiza mtima kuti hita ija ndiikonza ndi manja anga.

Paipi yatsopano ndi makalampu oimangira ndinazipeza mtauni, koma cholumikizira ayi. Sitolo iliyonse ankandiseka kuti palibe amene amachifuna. Ndinaganiza zongogwiritsa ntchito chakale chomwecho. Loŵeruka m'maŵa ndinatsegula boneti, ndinakhetsa madzi, ndinamasula makalampu akale. Nditapotokola paipi kuti ichoke, cholumikizira chija chinaphwanyikira m'dzanja langa ngati bisiketi.

Nthaŵi yomweyo ndi pamene Mabvuto anafika, chikwama paphewa. Anayang'ana ine, anayang'ana zidutswazo.

"Ba mulamu, mufuna kupanga chani apa?"

Ndinamuuza za bypass ndi za chifuwa cha mwana. Mabvuto anaika chikwama pakhonde, natola zidutswa zija, nati, "Niyembekezeni."

Anapita wapansi ku Kalingalinga kwa anzake owotcherera zitsulo. Anabwera masana ndi cholumikizira chachitsulo, chodulidwa pa muyeso wa chakale, chokhala ndi kamlomo kumapeto kuti paipi isavuke. Tinagwira ntchito osalankhulana zambiri. Ine ndinapala dzimbiri pa timapaipi toloŵera mkati, iye anapaka sopo kukamwa kwa paipi yatsopano kuti iloŵe mosavuta. Ndinamanga makalampu kuseri kwa kamlomo kaja. Kalampu imodzi ndinaiika mopendama, madzi anadontha, tinamasula n'kuyambiranso. Kenaka tinathira madzi, tinaliza injini chitsekero cha ladiyeta chili chotsegula, mpaka thovu la mpweya litatha.

Mabvuto anaika dzanja pomwe pamatulukira mpweya. Poyamba unali wozizira. Pang'ono ndi pang'ono unafunda.

Lolemba anakwera nafe mbandakucha, akuti akufuna kuona yekha. Tiyamike anagona kumbuyo njira yonse osatsokomola. Titafika, mlamu wanga anaimbira apongozi ine ndikumva.

"Amama, nibwela neka. Mwana ali na atate bake."



Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa munthu amene anatumidwa kudzatenga mwana wanga ndi amene Iye anamusandutsa mthandizi wanga. Ndikuthokozanso apongozi anga amene anamva. Chisoni sichinathe, ndipo sindinama kuti chatha. Koma inu amene mwagwira chinthu chophwanyika m'manja lero, musachitaye. Pempherani, ndipo pitirizani kugwira ntchitoyo. Tiyamike ali kusukulu ya mkaka tsopano, ndipo madzulo ano ndikukamutenga ndine.