Aphunzitsi a Wezulo, Mdzukulu Amene Ndinkamuletsa Kuthamanga

Malemu amene tabwera kudzawaperekezawa anabadwa pa 14 Malichi 1986, oyamba m'banja la ana awiri. Mawu mukumvawa ndi anga ine agogo awo, mayi wa mayi awo. M'kalasi sindinapondemo, cholembera ndimangochiona m'matumba a anthu. Choncho ndalembetsa kwa mlongo wawo, amene akukuwerengeraniyu, ndipo ndamuchenjeza kuti akadumpha ngakhale liwu limodzi ndidziwa, poti makutu okha ndikadali nawo. Masiku ndi zaka watenga m'makadi a kuchipatala ndi m'masatifiketi. Zotsalazo ndi zanga. Tisanapite patali, amayi muli kumbuyoko gwirani ana. Msewu uli pafupi, ndipo oyendetsa magalimoto a masiku ano saopa maliro.

Pa 9 Ogasiti 1988 mayi awo anatisiya, bambo awo atatsogola kale chaka chimodzi m'mbuyomo. Mwana wanga uja anapita ataonda, moti pomusambitsa ndinkamunyamula ndekha ngati mtolo wa zovala. Kuchokera pamenepo ndinkaopa kuonda kuposa njoka. Ndinalumbira kuti ana awiri amene anandisiyira, nthiti zawo palibe adzaziwerenge. Tiyi wa malemu ndinkathira shuga masupuni anayi. Buledi ndinkapaka majarini mbali zonse ziwiri. Akakankha mbale ya masamba sindinkakakamiza, ndinkangoika poto wa mafuta pamoto. Anakula ndi masaya onyezimira, ndipo anansi anawatcha Kabwana. Ine mtima pansi, nkumati ndalera.

Mu Januwale 1992 anayamba sukulu ya pulayimale, yomweyi imene ana ake akhala apa ndi mayunifolomu. Sabata lomwelo ndinanyamula tebulo langa nkukaliika pageti. Ndinkagulitsa maswiti, mabisiketi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera za m'timapepala. Anthu ankati ndatsata malonda. Zoona zake ndinatsata mwana, poti ndili pagetipo bwalo lonse la masewera ndinkaliona. Tsiku lina ndinawaona akuthamangira mpira, atagwa, bondo lili magazi. Madzulo ake ndinapita kwa kalipentala wa nyumba yoyandikana nafe nkumulembetsa kalata yonena kuti mwanayu ali ndi mphumu. Mphumu analibe. Ndikunena pamaso pa bokosi lawo, ndipo kalipentalayo ali pano, waweramayo. Zaka zisanu ndi zitatu, belu la masewera likalira, malemu ankakhala pansi pa mtengo kulondera malaya a anzawo, kuthumba kuli maswiti a agogo.

M'kalasi anali akuthwa. Mu 2000 anasankhidwa kupita ku sekondale, mu 2006 analowa sukulu ya uphunzitsi, ndipo mu 2008 anabwerera kudzaphunzitsa pa sukulu yomwe anaphunzirapo. M'mawa uliwonse ankadutsa pa tebulo langa atamanga tayi, ine nkuwakankhira kaphukusi m'thumba, nkuwachenjeza za dzuwa, za njinga ndi za choko cholowa pachifuwa.

Pa 17 Disembala 2011 anamanga banja ndi mayi amene akhala pafupi nanewa, telala wa ntchito yosiririka. Mawu anga oyamba kwa mkwatibwi anali akuti, "Ndakupatsani wonenepa, mudzandibwezere wonenepa." Anthu anaseka. Mtengwa wangayo anangoti, "Ndamva, agogo." Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Mu Epulo 2013, ali ndi zaka 27, anayamba kumva ludzu losatha, ndipo kachilonda ka pachala cha kuphazi kanakana kupola. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Adokotala anawafunsa zimene amadya kuyambira ubwana. Ine ndinali pabenchi pomwepo, chikwama pamiyendo. Malemu anatchula zonse, koma sanatchule amene ankawapatsa. Chikomekome cha mkuyu, abale anga, m'kati muli nyerere.

Anayamba mankhwala, anasiya shuga, nayamba kuyenda mozungulira bwalo la sukulu m'mawa belu lisanalire. Thupi linayamba kutsika, mtengwa nkumabweza mathalauza pamakina. Ine tulo tinatha. Anthu pampopi ankanong'ona kuti aphunzitsi atenga matenda aja a mayi awo, ndipo ineyo ndinali woyamba kukhulupirira. Ndinkabisa mafuta m'chakudya chawo. Iwo ankangonunkhiza nkuseka, amvekere, "Agogo, mbaleyi ikuwala ngati galasi, ndipesere tsitsi pomwepa?"

Mu 2014 ana a sukulu atatu anayamba kuwatsatira pambuyo, poyamba mowanyogodola. Chaka chisanathe anali makalasi athunthu. Malemu anagula wezulo, ndipo dzina la Kabwana linafera pomwepo, anasanduka Aphunzitsi a Wezulo. Anapempha kachigawo ka malo kuseri kwa zimbudzi zakale, ana nkulimapo masamba, nyemba ndi tomato. Lachisanu lililonse ankatsekulitsa timabokosi ta chakudya, osati kuti achititse manyazi wosauka, koma kuti wa nthochi ziwiri agawire wa bisiketi. Mwana wonenepa kapena wochedwa sankamusiya pansi pa mtengo. Ankayenda naye pambuyo pa onse, phewa ndi phewa, nkumati, "Ife a kumchira ndi amene timaona bwino dziko."

Mu Meyi 2016 komiti ya sukulu, atayikakamiza iwowa, inaletsa maswiti ndi zakumwa zotsekemera pageti. Tebulo loyamba kukhudzidwa linali langa. Kalata yake anabweretsa okha, nkundiwerengera okha, atagwada. Ndinawauza kuti mimba imene akuidzudzulayo inakula ndi tebulo lomwelo. Miyezi isanu ndi iwiri sindinawayankhe moni. Iwo sanaphonye tsiku. Ankafika, kupereka moni kwa chitseko, kusiya phava la nthochi pakhonde. Nthochi zinachuluka mpaka ndinaopa ntchentche, ndipo ndinabwerera pageti kukazigulitsa, pamodzi ndi mazira owiritsa ndi mtedza. Tinagwirizananso, koma kuthamangako sindinakuvomere. Tsiku ndi tsiku ndinkawakuwira ndili pa tebulo kuti mtima si injini.

Lolemba pa 3 Juni chaka chino cha 2024, akuzungulira kachiwiri ndi ana, anakhala pansi mwadzidzidzi nkugona chammbali. Aphunzitsi anzawo anathamangira nawo kuchipatala. Apa tsopano mvetserani bwino, chifukwa ndi chimene ndakanira kuti amalume awo anene mbiriyi.

M'khonde la chipatala muja, anthu ali bii, ndinakuwa kuti, "Ndinanena ine! Kuthamanga kwandiphera mwana!" Ndinabwerezanso pampopi, ndi pageti, kwa mayi aliyense amene anandipepesa. Mawu anga anayenda mofulumira kuposa mwini wake. Sabata loyamba makolo ambiri analetsa ana awo kupita pabwalo. Sabata lachiwiri panatsala ana asanu ndi anayi. Dimba lauma pakati. Matebulo awiri a maswiti abwerera kale pageti, ndipo ndamva kuti Lachitatu likudzali komiti ikumana kuti ithetse zonse zimene malemu anayambitsa.

Pa 18 Juni adokotala anatiitana ine ndi mtengwa wanga m'kachipinda kawo. Ndinawafunsa maso ndi maso ngati bwalo lija ndi limene lachita zimenezi. Anayankha kuti ayi. Anati mtima ndi impso za malemu zinayamba kuonongeka kalekale matenda asanadziwike, ndipo kuti monga akuonera iwo, kadyedwe katsopano ndi kuyenda kuja ndi zimene zinawafikitsa pano. Ndinafunsa katatu, poopa kuti akungonditonthoza. Katatu konse yankho linali lomwelo.

Masana ake malemu anatsekula maso nkufunsa kuti pabwalo pakubwera ana angati. Ine bodza linafika pamilomo, koma ndinali nditawanamizira kale kamodzi ali mwana. Ndinati asanu ndi anayi, ndipo wabalalitsa enawo ndine. Sanakwiye. Anandigwira chala nkunena motsitsa kuti, "Agogo, anthu aja amakumverani inu kuposa ine. Mukawauze." Lachisanu pa 21 Juni, dzuwa likupendeka, anatisiya ali ndi zaka 38.

Ndiye ndikukuuzani. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anga agonera ndipo asasa, atayeni. Kuthamanga sikunaphe mdzukulu wanga. Sindikuti maswiti anga okha ndiwo anawapha, zimenezo adziwa ndi Mulungu, koma ndikudziwa chimene ndinkaika m'mbale ndi chimene ndinkawaletsa. Inu amayi amene mumapima chikondi ndi masaya a mwana, chenjerani. Inu amene mumatsekera ana m'nyumba ndi foni m'manja poopa bondo la magazi, chenjerani, bondo limapola. Mwana akamamwa madzi osakhuta, kapena chilonda chikamachedwa, musadikire, pitani naye akamuyeze. Anzanga a matebulo, sindikukuchotsani pageti, tonse timadyera pomwepo. Bwerani ndikuonetseni kopikula zipatso. A tcheyamani a komiti, ndakuonani mwakhala mzere wachiwiriwo. Lachitatu ndidzabwera, ndipo mundisungire mpando wakutsogolo chifukwa khutu lakumanzereli ndi lolemera.

Malemu asiya mkazi wawo, mwana wamkazi wa zaka khumi ndi chimodzi, wamwamuna wa zaka zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi, amalume awiri, ndi ine amene ndimayenera kutsogola.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira mafunso anga, aphunzitsi amene anawanyamula pabwalo, a mpingo, anansi amene agona nafe pano, achinyamata amene akonza kumanda, ndi mtengwa wanga amene anasamala mbale ya mwamuna wake ine ndikumunena kuti ndi waumbombo. Mwanawe, undikhululukire. Ndithokozenso ana asanu ndi anayi aja, ndi makolo awo amene sanandimvere.

Mawa ndi Lolemba. Isanakwane sikisi koloko ndidzakhala pabwalo ndi zidzukulutudzi zanga ziwirizi. Kuthamanga sindingathe, maondo anatha, koma ndi ndodo yangayi ndidzazungulira kamodzi, ngakhale belu lindipeze pakati. Mantha sanandichoke, ndidzapita nawo. Tumizani ana anu. Adye kanthu asananyamuke, atenge madzi m'botolo, ndipo muwamange bwino zingwe za nsapato.

Aphunzitsi, mdzukulu wanga, ndawauza. Mzimu wanu uuse mumtendere.