Ndinkamvetsera, Koma Mankhwala Ndinalibe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ndine mayi Esnart, kwathu ndi ku Ntchisi. Lero ndikuchitira umboni za nthawi imene ndinasiya ntchito yomwe ndinkaidziwa bwino n'kubwerera m'kalasi ndili ndi zaka makumi anayi. Sindinasungulumwepo ngati m'zaka zimenezo.

Poyamba ndinali phungu wa anthu ovutika maganizo. Bungwe lina laling'ono linanditumiza ku Usisya, kunyanja m'boma la Nkhata Bay, kuti ndizicheza ndi amasiye, asodzi amene mowa unawagwira, ndi ena otero. Chitonga ndinkachimva movutikira, ndipo anthu ankandiyankha m'Chichewa pongondimvera chisoni. Bambo akunyumba anali atamwalira, mwana wanga mmodzi yekhayo ali kwa agogo ake kumudzi. Tsiku lonse ndinkamva mavuto a anzanga, koma ndikaweruka panalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji.

Tsiku lina kunabwera msodzi wina, bambo Longwe, kuti ndikaone akazi awo, NyaManda, amene mutu unawasokonekera atangobereka. Ndinawapeza atamangidwa mwendo ndi chingwe cha ukonde, akuyankhula ndi anthu osaoneka, khanda akulikana kuti si lawo. Masiku atatu ndinakhala nawo pamphasa, ndikuwayankhula mofatsa monga anatiphunzitsira, koma sankandimva n'komwe. Pankafunika mankhwala. Ine ndinalibe chilolezo chopereka ngakhale piritsi limodzi, ndipo wodziwa matendawa anali kutali, ulendo wa boti. Mphepo ya mwera inawomba sabata yonseyo, boti osayenda. Pamene boti linanyamuka nawo, khanda linali litafooka kale, ndipo linamwalira asanabwereko.

Pamaliro bambo Longwe anangondigwira dzanja n'kundithokoza kuti, "Yewo, ama, munayesetsa." Bola akanandinyoza.

Chaka chotsatira ndinasiya ntchito n'kukayamba sukulu ya unamwino, cholinga changa chili choti ndidzakhale namwino wa matenda a maganizo. Achimwene anga anati ndapenga ndine. M'kalasi ndinali ndi atsikana a msinkhu wa mwana wanga. Ankandilemekeza, ankanditchula kuti amayi, koma pokhala m'magulu owerengera limodzi palibe ankandiitana. Ndinkadya ndekha. Chaka chachiwiri ndinalephera mayeso a kawerengedwe ka mlingo wa mankhwala, ndipo anandiuza kuti ndikalepheranso ndiye kuti ulendo watha.

Kumudzi ndinachita manyazi kupitako. Ndinakabisala ku Chintheche, m'nyumba ya mnzanga wa kuntchito yakale amene anali atachokapo. Milungu iwiri sindinapite kutchalitchi. Pemphero langa linafupika mpaka linangotsala lakuti, "Ambuye, ngati sindinu munandituma, ndiuzeni ndibwerere."

Loweruka lina ndili pamsika ndinamva munthu akuitana, "Ama Esnart!" Anali bambo Longwe, atabwera kudzagulitsa usipa wouma. Ndinafuna kuthawa. Atandifunsa ngati ndamaliza sukulu, ndinawauza zoona, misozi ikutsika pakati pa anthu.

Iwo anati, "Mayi akunyumba amakhala bwino akamamwa mankhwala, akatha amayambiranso. Kwathu tonse tikudziwa kuti munapita kukaphunzira chifukwa cha ife. Tiyeni kwa alongo anga ku Bandawe."

Alongo awowo, NyaLongwe, anali namwino wopuma pantchito, ndipo sanali munthu wonyengerera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kulira mukalire kwanu. Kuno mubwere ndi kope." Miyezi iwiri m'mawa uliwonse ndinkapita kwawo. Ankakhala pakhonde akusenda chinangwa, n'kumandiponyera mafunso: wodwala wolemera chonchi, botolo lalembedwa chonchi, mukoka zingati mu jakisoni? Ndikalakwa ankati, "Mwapha munthu, yambiraninso." Ankandithiritsa madzi m'majakisoni akale mpaka manja ndi mutu zinagwirizana. Masana sankandilola kuchoka ndisanadye nsima ya kondowole. Lamulungu ananditengera kutchalitchi kwawo n'kundikhazika pambali pawo, ngakhale nyimbo zake sindinkazidziwa.

Mayeso aja ndinakhoza. Nditawaimbira foni NyaLongwe kuwauza, anangoti, "Ndiye mubwere mudzandithandize kuvuula chinangwa."

Panatenga zaka zina kuti ndimalize unamwino ndi kuwonjezera maphunziro a matenda a maganizo. Lero ndikugwira ntchito pachipatala china chaching'ono m'boma lomwe lino la Nkhata Bay, ndipo pa masiku oikika ndimakwera boti kupita kumidzi ya kumpoto nditanyamula bokosi la mankhwala. Uphungu sindinautaye. Ndimayamba ndamvetsera munthu, kenako ndimalemba mankhwala ake.

Sindikunamizani kuti kusungulumwa kunatheratu. Mwana wanga anakula ine kulibe, ndipo mpaka pano tikuphunzira kuchezerana. Koma ndikuthokoza Mulungu chifukwa sanandiyankhe ndi maloto kapena mawu ochokera kumwamba. Ananditumizira munthu amene ndinkaopa kukumana naye kuposa wina aliyense.

Inu amene mwayambanso chinthu mutakula, ndipo mukuona ngati palibe akukuonani, musasiye. Pempherani ngakhale mawu atakutherani, ndipo wina akakufunsani kuti zikuyenda bwanji, muuzeni zoona. Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.