Amalume Anatsala Pakhomo la Kalasi

Aulutsi, nkhaniyi muiwerenge mokweza, chifukwa amene ndikuwanenawa saphonya pulogalamu yanu.

Ndine bambo, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Bolton, ku Mangalande. Banja lathu litatha, alamu anga, alongo ake a mkazi wanga, anandiuza pamaso pa anthu kutchalitchi kuti, "Inu munali mkamwini chabe. Mwana ndi wa mbumba yathu, za kusukulu ndiziona ine malume wake." Ndinangowerama, poti kwathu ndi mmene zimakhalira.

Kenako mwana wanga wamkazi anandiimbira foni akulira. Amalumewo anamusankhira maphunziro ofewa, ati za udokotala zamukulira.

Ndinapita kusukulu mtima ukuwira. Ahedi atandiona anadabwa. "Amalume a mwanayu anatiuza kuti munabwerera ku Malawi," iwo anatero. "Lamulo limatikakamiza kudziwitsa makolo onse awiri ndi kumva maganizo awo, ngakhale banja litatha. Amalume amene sakulera mwanayo alibe mawu."

Pamsonkhano wotsatira wa makolo ndinalawirira, nditatchena. Alamu atafika ndi mlongo wawo, mphunzitsi anawaimitsa pakhomo la kalasi mwaulemu. "Makolo okha, chonde."

Ndinavula jekete langa pang'onopang'ono, anthu akuona, n'kuwapatsira.

"Alamu, tandigwirirani ili, mkamwini akalankhule za mwana wake."

Mwana wabwerera ku maphunziro amene ankafuna, koma ine sindinakhululuke ayi. Munandiika m'ndege ndi pakamwa, alamu, ndili moyo pompano. Misonkhano idakalipo yambiri mpaka mwanayu amalize, ndipo ndagula jekete lina, lolemera kuposa lija.