Imfa ya mu ambulansi imene anandisenzetsa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga. Ine ndine namwino pachipatala china chaching'ono cha kumbali ya Mkanda kuno ku Mchinji, ndipo ndimaperekeza odwala pa ambulansi kupita kuchipatala chachikulu. Ndikufuna kuchitira umboni za nyengo imene anandisenzetsa imfa ya munthu. Sindibisa, ndikulemba mtima ukadali wotentha. Mulungu anandilanditsa, koma zimene anandichita anthu zimandiwawabe.

Dalaivala wa ambulansi yathu ndi bambo achikulire, tingowatcha a Mbewe. Anayamba kuyendetsa ine ndisanalowe sukulu ya unamwino, ndipo sankafuna kuti ndiiwale zimenezo. Pamaso pa odwala ankanditcha kamtsikana. Ndikanena kanthu ankaseka n'kumati zanga n'za m'buku. Anzanga ankaseka nawo. Ine ndinkangomeza, poti ndinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa.

Tsiku lina masana, m'nyengo ya mvula, anabwera naye mayi wina wa ku esiteti ya fodya. Anali atachirira kunyumba ndipo magazi sankasiya. Tinamuika diripi n'kumukweza mu ambulansi, amayi ake omubereka atakhala pambali ndi khanda m'manja. Msewu unali matope ndi maenje okhaokha. Tili m'njira galimoto inagwa m'dzenje, singano ya diripi n'kusololoka. Ndinagogoda pagalasi.

"A Mbewe, imani kaye ndibwezeretse diripi."

Anayankha osacheuka. "Tikaima pano tititimira. Gwirani yanu, ine ndigwire yanga."

Ndinapempha mpaka mawu anasasa. Ndinayesa kubaya galimoto ikudumpha, koma mitsempha yake inali itabisala ndipo singano inkangophonya. Mayi uja anatsirizika mutu uli pamwendo panga, nyumba za paboma zikuoneka kale.

Pamsonkhano wounika imfayo, a Mbewe anaimirira n'kunena kuti sindinawauze kanthu, ndinangokhala kumbuyo n'kumanjenjemera. Ndinayesa kuyankha koma misozi inanditsamwitsa, ndipo akuluakulu anaitenga misoziyo ngati kuvomera. Anzanga, amene ankawadziwa bwino bambowa, anangoti zyoli. Anandichotsa pa ambulansi n'kundiika kusikelo ya ana. Nkhani inafika mpaka kumsika. Amayi ena akaona kuti ndine ndikuyeza, ankatuluka pamzere ndi ana awo.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti bodza lija linayamba kundilowa. Manja amene sananjenjemere tsiku lija anayamba kunjenjemeradi, ngakhale pobaya katemera. Ndinasiya kupita kukwaya. Ndinaganiza zosiya ntchito n'kuyamba kumaoda zitenje ku Chipata. Pemphero langa silinalinso laulemu. Ndinkangoti, "Ambuye, munalimo mu galimoto muja, munamva ndikukuwa. Mwakhaliranji chete?"

Yankho linabwera pa kabaza. M'mawa wina mayi wamkulu wa anamwino wochokera kuboma atabwera kudzatiyendera, ndinaona amayi a malemu akutsika panjinga, khanda lija lili kumsana. Ndinati abwera kudzandilalatira. Koma iwo anali atamva kuchigayo kuti namwino analangidwa, ndipo anapita molunjika kwa mayi wamkuluyo.

"Ine ndinalimo," anatero. "Mtsikana uyu anakuwa mpaka mawu kutha kuti galimoto iime. Mwana wanga anapita, sabweranso. Koma uyu musamukwirire naye limodzi ndi bodza."

A Mbewe anaitanidwa. Anati mwina sanamve bwino chifukwa cha phokoso la injini ndi mvula. Amayi aja anawayang'ana m'maso.

"Munamva, bambo, poti munayankha."

Mayi wamkulu uja sanathere pongondibwezera pa ambulansi. Anatikhazika tonse, madalaivala ndi anamwino, n'kunena kuti za msewu mwini wake ndi dalaivala, za wodwala mwini wake ndi namwino. Anati mantha otitimira anali oona, koma dalaivala amanena pamene angathe kuima, sakana n'kungopitirira. Ndiye kwa masabata angapo anatiyeseza pabwalo kunyamula wovulala ndi kuyankhulana galimoto ikuyenda, ine akundiika kutsogolo. Poyamba mawu ankatuluka ang'onoang'ono. Iye ankandibwezera kuti ndinenenso, mpaka mlonda wa kugeti amve.

Posakhalitsa anatiitana pangozi, thirakitala itagunda bambo wina wa njinga. Anthu anali atamuzinga, akufuna kumunyamula miyendo ndi manja. A Mbewe anati tingomuponya msanga m'galimoto, nthawi ikutha. Koma ine ndinati, "Ayi. Katengeni thabwa, khosi lake lisagwedezeke. Bwererani mmbuyo nonse." A Mbewe anakatenga thabwalo. Bambo uja lero akulima mtedza wake.

A Mbewe sanapepese mpaka lero. Timagwirabe ntchito limodzi, timatsutsana, koma tsopano timatsutsana poyera ndipo nkhani imathera pa wodwala. Kukhululuka ndikukupemphererabe, sikunafike. Ndikaona khanda lija likubwera kusikelo ndi agogo ake, ndimakwiya ndi bodza, ndimakwiyanso ndi onse amene ankaseka nawo kenako n'kukhala chete, chifukwa chete wawoyo ndi amene anakulitsa mwano umene unasiya mwana wamasiye.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anadzutsa mayi wolira maliro, wosadziwa ngakhale dzina langa, kuti adzandiyankhulire. Ndikuthokozanso chifukwa cha mayi wamkulu uja amene anandibwezera mawu anga. Inu amene mumathamangira ovulala ndi odwala, kaya pa ambulansi kaya m'mudzi, musataye mtima akakunyozani. Lemekezani akulu, pempherani, koma moyo wa munthu ukakhala m'manja mwanu yankhulani mokweza. Ulemu umene umakutsekani pakamwa munthu akufa si wochokera kwa Mulungu.