Kabati Yatseka Apongozi M'bafa

Anthu a lole anatsitsa kabati yatsopano m'kolido n'kumapita, osadziwa kuti aitsamiritsa pachitseko cha bafa mmene apongozi a mphunzitsi wa sayansi ankasamba. Amuna panyumbapo analipo awiri: mphunzitsiyo ndi mlamu wake, amene anabwera chaka chatha kuti angogona tsiku limodzi.

"Nditsegulireni!" anakuwa apongozi m'katimo.

"Ndikaitane aneba?" anafunsa mlamu uja.

"Ayi! Pakhomo pa mphunzitsi wa sayansi sitiitana anthu. Kankhani."

Anakankha mpaka misempha kutuluka. Kabati ili chiimire.

"Mwaona?" anatero mphunzitsi akupuma wefuwefu. "Si kulemera kokha. Matabwa ndi simenti zili ndi timano tosaoneka, ndiye talumana."

Mlamu anagwada n'kusuzumira pansi. "Mano mulibe muno. Muli mphemvu yakufa."

"Ndati tosaoneka!"

"Nanga inu munationa bwanji?"

"Alamu, tamverani. Chinthu chikakhala phee pamalo, chimakakamira. Mukachikankha pang'ono, chimakana pang'ono. Mukawonjezera mphamvu, nachonso chimawonjezera kukana."

Mlamu anadzuka pang'onopang'ono, akudzisasa m'mawondo. "Chinthu chake chiti?"

"Chilichonse chimene chakhala pansi."

"Ngakhale pasofa?"

"Pasofa, pabedi, paliponse."

"Ohoo! Ndiye munayamba liti kundiona choncho?"

"Ndikunena kabati!"

"Kabati yabwera lero. Amene wakhalitsa muno ndine."

"Kukhalitsa si nkhani. Chovuta n'kuchiyambitsa basi. Chikangosuntha, kukana kumachepa, chimayenda mosavuta."

"Eyaa! Tsopano ndamva. Kubisa limoti ya TV kuja kunali kundiyambitsa."

Mphunzitsi anatsokomola. "Limoti inasowa yokha."

"Nanga pilo wanga amene akugonera galu?"

"Galuyo anali ndi chimfine."

Chitseko cha bafa chinagunda katatu. "Ana inu, ndikuzizidwa! Ndili ndi kathawulo kokha kuno!"

"Tikubwera, amayi, tikuwerengera mphamvu!" anayankha mphunzitsi mwaulemu.

Mlamu anakwinya malaya m'mikono. "Chabwino. Ndikankha, mayi anga atuluke, ndilongedze chikwama. Basi ya masana ano indipeza pasiteji. Simudzandionanso."

Mphunzitsi anayang'ana kudenga kuti chimwemwe chisaonekere. "Aaa, musatero, alamu," anatero ndi mawu otsika kwambiri, phewa ataliika kale pakabati. "Koma chinthu chimodzi: ikangoyamba kuyenda, muchepetse mphamvu."

"Bwanji? Mukufuna chipite kapena chikhale?"

"Chipite, koma mwadongosolo."

"Wothamangitsidwa alibe dongosolo!"

Mlamu anabwerera m'mbuyo, n'kuigunda ndi mkwiyo wonse wa chaka chathunthu. Kabati inalira kuti kwiii, n'kugwedezeka, kenako inatsetsereka pasimenti yopakidwa polishi ngati yaitanidwa.

"Chepetsani! Chepetsani!" anakuwa mphunzitsi, koma chimene ankatsamira chinali chitapita, ndipo anagwa chafufumimba.

"Ndachepetsa kalekale! Ikuyenda yokha!"

Inadutsa kolido yonse, n'kukalowa m'mafelemu a khomo lotulukira panja kuti gwa! Khomo lotulukira linali lokhalo. Mawindo onse anali ndi zitsulo.

Apongozi anatuluka atagwira thawulo pachifuwa, analumpha miyendo ya mkamwini wawo, n'kulowa m'chipinda.

Mphunzitsi anadzuka, n'kuthamangira pakhomo. Anakoka kabati ija, anaimenya ndi phazi, anainyengerera. Sinasunthe.

"Alamu, bwerani msanga tiichotse! Basi ikusiyani!"

Mlamu anaiyang'ana kabati, anayang'ana mphunzitsi, kenako anakadziponya pasofa n'kusanjika miyendo patebulo.

"Isiyeni ipite, alamu. Ine ndinanyamuka ndi mtima wonse, yandikaniza ndi sayansi yanu. Tsono madzulo ano tidya chiyani?"